Lumbiro la Abiti Jafali

Ana anga, mumandiseka kuti ine mayi wanu sindikhulupirira munthu msanga, kuti ngakhale kuchipatala akandipatsa mankhwala ndimayamba ndasuzumira m'manja mwa mnzanga kuti ndione ngati nayenso amupatsa omwewo. Sekani, sindikuletsani. Koma poti ntchito ndapuma ndipo dzanja likadagwirabe cholembera, ndati ndikulembereni kumene ndinalitola khalidwe limeneli. Za ubwana wanga ndizilumpha, mulibe chachilendo.

1947: Chitala

Ntchito yanga yoyamba inali yophunzitsa ana a Sabu A, kalasi yoyambirira, pa kasukulu ka mishoni cha ku Chitala. Ndinali ndisanakumane ndi bambo anu, kamtsikana kowonda, kapakamwa. Aphunzitsi aakulu ankasunga choko m'thumba la jekete, ndipo ukapempha ankakuthyolera kachidutswa uku akukuyang'ana ngati ukufuna ukadye. Masileti anali ochepa, moti ana ambiri ankalemba pansi ndi chala. Mnzanga pa sukulupo anali Elina, mtsikana woopa Mulungu kwambiri, woti akalonjeza kusunga chinsinsi ngakhale umunyengerere bwanji sangaulule. Njala ya 1949 itafika ana anabalalika, ndipo tinatha miyezi tikungosesa kalasi yopanda anthu.

Kumapeto kwa chaka chotsatira anatiitana tonse awiri ku boma ku Salima. Anati kukuyambika sukulu za anthu akuluakulu ndipo akufuna aphunzitsi aakazi, chifukwa amuna a kunyanja sangalole akazi awo kukhala pamaso pa mphunzitsi wamwamuna. Mwini ntchitoyo anali dona wina wochokera ku Zomba, amene tinamutcha Namawotchi chifukwa chilichonse ankachiyesa ndi wotchi, mpaka pemphero. Womuthandiza anali a Mbewe, oyendera sukulu, bambo aulemu amene ankayankhula nawe akuyang'ana nsapato zawo. Tsiku loyamba lomwelo anatigawa pawiri. Ine anandilowetsa m'chipinda mmene munali tchati chomwe chija ndinkaphunzitsira ana, cha a e i o u, ba be bi bo bu. Elina anamulowetsa m'chipinda china, chimene mawindo ake anatchinga ndi mphasa. Nditafunsa a Mbewe kuti anzathuwo akuphunzira zotani, anati, "Zomwezo, mayi. Chipinda chachepa basi." Ndinavomera ndi pakamwa, koma mumtima ndinati kuchepa kwa chipinda sikutchingitsa mawindo. Elina ndinamufunsa pa chakudya, iye anangoti analonjeza kuti sanena, n'kuyamba kulira. Ndinamusiya.

1951: Kunyanja

Elina anamutumiza kumudzi wina wakumtunda, cha ku Khombedza. Ine ananditumiza kumudzi wa asodzi, kumpoto kwa Senga Bay, mudzi wa Asilamu wokhawokha. A Mbewe anatiuza kuti tisamayenderane mpaka mayeso atachitika, ati kuti tisatayitsane nthawi.

Amene anandilandira m'nyumba mwawo anali Abiti Jafali, mayi wamasiye, wamtali, wosaseka chisawawa. Iwowa anali anamkungwi a mudziwo. Chilimwe chilichonse amayi ankawatengera ana awo aakazi kuti akawalange ku nsondo, chinamwali cha atsikana, ndipo udindo umenewo sulembedwa paliponse, umangokhala m'chikhulupiriro cha anthu. Tsiku limene anthu aleka kukukhulupirira, udindowo watha. Nditangofika ananditsegulitsa sutikesi yanga, n'kutulutsa chilichonse, mpaka sopo. Anatambasula tchati chija, n'kuchitembenuza kuti aone ngati kumbuyo kuli mtanda.

"Mwanangu," anatero, "pano anthu akuti sukulu yakoyi ndi khomo la ubatizo. Ena akuti ukulemba maina kuti akazi nafenso tizikhoma msonkho. Ena akuti ndi za chitaganya zikumvekazi. Ine ndikufuna kuwerenga, ndatopa kutsata mwana kuti andiuze zolembedwa pa botolo la mankhwala. Koma undiuze pano tili awiri. Pali chimene chabisika?"

"Palibe, amayi," ndinayankha. Ndipo malinga ndi mmene ndinkadziwira, ndinkanena zoona.

Lachisanu, amuna atatuluka ku swala, anthu anasonkhana pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi mzikiti. Anandifunsa mafunso mpaka malovu anandiuma. Amene ankakoka kwambiri anali Abiti Sumani, mayi wanzeru ndithu, amene aliyense ankadziwa kuti unamkungwi uja naye amaulakalaka. Pomaliza Abiti Jafali anaimirira n'kunena mosakweza mawu: "Mtsikanayu akugona kwanga, akudya kwanga. Wallahi, pali Mulungu, ngati mu sukulu imeneyi mupezeke chobisika, musadzandibweretserenso ana anu." Ine ndinachita mantha, chifukwa ndinaona kuti mayiyu waika moyo wake wonse pa mawu anga, ine kamtsikana ka ku Chitala.

Tinayamba kuphunzira masana, usipa ukakhala utayanikidwa pa thandala. Amayi anabwera ambiri, makanda kumsana. Ine kutsogolo ndi kandodo, iwo pamchenga: a e i o u, ba be bi bo bu, cha che chi cho chu. Lamulo linali lakuti tisawerenge liwu lathunthu tisanamalize tchati chonse. Ana amaimba zimenezi mokondwa, koma mayi wa zidzukulu, amene wadzuka m'mamawa kukalandira nsomba ku khoka, akaimba ba be bi miyezi amayamba kudzifunsa ngati akumuseweretsa. Mvula inatha, mwera unayamba, ife tikadali kuimba. Ena anayamba kuwodzera, ena kujomba.

Chimene chinkandidya n'chakuti a Mbewe zimenezi sizinkawakhudza. Ankabwera pa njinga, n'kukhala pa mpando, kumvetsera, kugwedeza mutu, n'kunena kuti, "Zili bwino, mayi, pitirizani." Tsiku lina ndinawauza kuti amayi atopa, ndipo ndikuganiza zowalembera mawu oti awazindikire, monga usipa kapena bwato. Bambo ofatsa aja anadzidzimuka mpaka chipewa chinagwa. "Musasinthe kanthu, mayi. Ngakhale kamodzi." Ndinawayang'anitsitsa, iwo maso pa nsapato. Woyendera sukulu ndinali nditawaonapo angapo, ndipo onse ankakalipa ophunzira akamachedwa. Uyu yekha ndiye ankaoneka kuti kuchedwako kwamukomera, ndipo zimenezo zinandisowetsa mtendere.

Chilimwe cha 1951

Chimene a ku ofesi sankadziwa n'chakuti midzi iwiriyi, ngakhale italikirane pa mapu awo, imadyerana. Amayi akumtunda ankatsika ndi madengu a chimanga ndi ufa kudzasinthanitsa ndi usipa, ndipo aliyense anali ndi bwenzi lake la msinthano, ubwenzi woti ena anausiyiridwa ndi amayi awo. Tsiku lina anabwera ochokera kumudzi kwa Elina. Mmodzi wa iwo, Nachisale, bwenzi la Abiti Sumani, anali atakulunga mchere m'kachidutswa ka nyuzipepala. Atakhuthula mcherewo anakawongola kapepalako pa bondo, n'kuyamba kuwerenga mokweza, mododoma koma momveka, mzere wathunthu. Ine ndinali pomwepo ndikuthandiza kuwola nsomba. Mayi ameneyu onse ankamudziwa kuti chaka chatha sankasiyanitsa chilembo ndi phazi la nkhuku.

"Inu mwayamba liti sukulu?" anafunsa Abiti Sumani.

"Mwezi womwe munayamba inuwo," anatero Nachisale. "Nanga inu muli pati?"

Mayi wina anayankha motsitsa kuti tili pa nya nye nyi. Nachisale anaseka, osati mwachipongwe, koma modabwa. Anafotokoza kuti kwawo sayimba zimenezo. Aphunzitsi awo ali ndi makadi a zithunzi, khasu pamwamba, liwu lake pansi, ndipo sabata yoyamba yomweyo munthu amawerenga mawu, kenaka amawaduladula n'kupanga ena. Maso onse anatembenukira kwa ine. Abiti Sumani anapukuta manja pa nsalu pang'onopang'ono n'kunena kuti, "Basi tamva. Akhristu anzake awapatsa ufa, ife gaga."

Madzulo ake Abiti Jafali sanandikalipire. Anangondifunsa ngati ndinkadziwa. Ndinalumbira kuti ayi. Iwo anati, "Mwina ukunena zoona. Koma ine sindinalumbire kuti iweyo sudziwa. Ndinalumbira kuti palibe."

M'mawa mwake ndinayenda wapansi mpaka ku boma, mtima uli phuphuphu ndi ukali. A Mbewe anayesa kundizengereza, koma ndinakhala pakhonde mpaka Namawotchi ananditsegulira. Iye sanabise. Anati makadi aja ndi njira yatsopano, imene anaikonza atakhala miyezi akumvetsera mawu amene anthu akuluakulu amagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Koma palibe akudziwa motsimikiza ngati ikuposa yakale. Ndiye midzi ina anaipatsa njira yatsopano, ina yakale, kuti pa mayeso ayerekeze. Aphunzitsife sanatiuze poopa kuti tingagwe ulesi kapena kusakaniza njira ziwirizo. "Tikasindikiza mabuku a dziko lonse mongoganizira," anatero m'Chinyanja chake cholimba, "tidzalakwira anthu ambiri kuposa amayi anuwo. Mayeso akatha, nawonso adzalandira makadi."

Ndinene chilungamo, ana anga, mawu amenewo anali anzeru, ndipo mpaka lero sinditha kuwatsutsa onse. Munthu amene amayesa asanagawire anthu ndimamulemekeza. Koma ndinafunsa kuti anasankha bwanji mudzi wolandira makadi. Anati anachita mayere. Ndinafunsa kuti mayerewo anaona ndani. Dona anati a Mbewe analipo. Ndinatembenukira kwa a Mbewe, ndipo anali kuyang'ana nsapato zawo. Mwina mayere anachitikadi, poti bambowo nsapato ankaziyang'ana nthawi zonse. Koma ine ndinatuluka ndisakudziwa, ndipo sindinadziwe mpaka pano. Lamulo linali lakuti ndibwerere, ndipitirize tchati, ndipo ndisauze munthu.

Nditabwerera kumudzi ndinapeza zinthu zitasintha kale. Amayi ankadutsa pakhomo pa Abiti Jafali n'kupereka moni akuyenda, osakhala pansi. Mnansi wathu, amene mwana wake anayenera kupita ku nsondo chaka chimenecho, ndinamuona akulowa kwa Abiti Sumani ndi mbale yovindikira. Mwini nyumba ankangosoka nsalu yake ngati sakuona, koma chakudya ankangochigwiragwira. Ndinadziwa kuti ndikamvera ofesi ntchito ndisunga, ndipo ntchito ya mtsikana masiku amenewo sinali yotola pamsewu. Kwathu ankadalira ine. Koma sindikanatha kudya m'mbale ya mayi amene ndikumuona akumira chifukwa cha ine. Ndinavutika masiku angapo, kenaka Loweruka ndinanyamuka ulendo wa kwa Elina.

Elina atandiona anayamba ndi misozi, monga mwa nthawi zonse. Anati iye anamuuza kuti enafe tidzalandira makadi posachedwa, ndipo analonjeza kuti sadzaonetsa munthu. Ndinamuuza za lumbiro la Abiti Jafali. Analowa m'nyumba, n'kutulutsa makadi onse, n'kuwayala pa mphasa mwandondomeko yake. Anasenza mtsuko n'kunena kuti, "Ndikukatunga madzi. Chitsime chathu n'chakutali, ndichedwa." Ndinakopera zonse pa makatoni amene ndinapempha pa sitolo, ndi makala osongola. Zithunzi zanga zinali zomvetsa chisoni, mbuzi inkaoneka ngati galu. Khasu ndi nkhokwe ndinazisiya, m'malo mwake ndinajambula bwato, ukonde ndi usipa.

Ndinaitanitsa amayi n'kuwauza zonse, osasiyako. Ndinkaganiza kuti choonadi chitsuka Abiti Jafali. Ndinalakwitsa kuwerengera. Abiti Sumani anamvetsera mpaka kumapeto n'kunena kuti, "Ndiye kuti chobisika chinalipo. Amatiyesa ngati mbuzi za pa msika, ife osadziwa. Nanga amene analumbira uja?" Amayi ambiri ananyamuka n'kumapita. Otsala anali owerengeka, ndipo Abiti Jafali anakhala kutsogolo, msana uli chilili, n'kunena kuti, "Yambani, aphunzitsi."

Makadiwo ankagwiradi ntchito, zimenezo sindingakane. Ndipo kuimba kwathu kwa miyezi kuja sikunapite pachabe, chifukwa tikaduladula liwu, amayi ankapeza kuti zidutswazo amazidziwa kale. Tsiku limene mayi wina anawerenga yekha kuti bwato lafika, anaponya khadilo pansi ngati lamutentha, kenaka analitola n'kuwerenganso. Othawa aja anayamba kubwerera mmodzimmodzi, ati angodutsa, ati akufuna moto. Ngakhale Abiti Sumani ankaima kumbuyo, milomo ikugwedera. Koma kubwerera ku sukulu sikunali kubwerera kwa Abiti Jafali. Mphekesera pakati pa amayi inali yakuti mayiyo anawagulitsa kwa azungu, ndipo tsiku la mayeso adzawayalika pamaso pa dona kuti alandire mphatso yake.

A Mbewe atabwera n'kupeza makatoni anga, anakhala pansi ngati munthu wolandira uthenga wa maliro. Ulendo wotsatira anabweretsa mawu a Namawotchi. Mudzi wathu auchotsa pa kuyerekeza kuja, poti ndaononga. Komabe dona adzabwera kudzayesa amayiwo. Akawerenga bwino, kusamvera kwanga adzakuiwala. Akalephera, sipadzakhala chifukwa chondisungira pa ntchito ya akuluakulu.

Sindinade nkhawa kwambiri, poti ophunzira anga ndinkawadziwa. Koma masiku oyandikira mayeso ndinaona kuti amayi akumakumana kuseri kwa thandala, ndipo ine ndikafika nkhani imasanduka ya nsomba. Ndinapeza Abiti Jafali akutembenuza usipa n'kuwauza kuti, "Amayi, ntchito yanga ili m'manja mwanu. Mukawerenge monga mumawerengera pano, basi." Iwo osandiyang'ana anati, "Tidzaona, Mulungu akalola." Yankho limenelo sindinalikonde.

Tsiku la mayeso

Anabwera m'mawa pa galimoto, dona ndi a Mbewe. Anaika tebulo pansi pa mango uja, wotchi pamwamba. Amayi anabwera onse, ngakhale amene anali atasiya kalekale, atavala nsalu zawo za pa Idi. Amuna anaima patali. Ine mtima unakhala pansi nditaona unyinjiwo. Woyamba kuitanidwa anali Abiti Jafali. Anapita, n'kulandira pepala la mayeso ndi manja awiri mwaulemu. Dona anadina wotchi. Mayiyo analiyang'ana pepalalo, maso akuyenda m'mizere, ine ndikuona, koma pakamwa pali chitsekere. A Mbewe anati, "Yambani, amayi, musaope."

"Sindikuopa, bambo," anatero Abiti Jafali, mokweza kuti onse amve. "Muwauze adona kuti anatiyesa kale chaka chonse osatipempha. Lero atipempha, ndiye tikuyankha. Takana." Anaika pepalalo pa tebulo n'kubwerera pamalo pawo.

Anaitana wachiwiri. Analandira pepala, analiyang'ana, analibweza. Wachitatu chimodzimodzi. Abiti Sumani ataitanidwa anayamba wayang'ana kwa Abiti Jafali, kenaka naye anabweza. Dona anafiira, koma sanakalipe. Anafunsa ngati alipo mmodzi yekha wofuna kuwerenga. Ine ndinayang'ana nkhope iliyonse, amayi amene ndinawagwira dzanja polemba, amene ndinawanyamulira makanda. Onse maso anali pa Abiti Jafali. Dona anaika wotchi m'chikwama n'kundiuza mofatsa kuti sangalembe chimene sanamve. A Mbewe anati ndikonzeke, mwezi ukatha ndibwerera ku Sabu A.

Galimoto itapita, amayi anazungulira Abiti Jafali n'kuwaperekeza mpaka pakhomo, ena akululutira. Ine ndinatsala ndekha pansi pa mtengo, ndili ndi ukali. Ndinkafuna kung'amba makatoni onse aja. Patapita nthawi mwini nyumba anabwerera okha n'kukhala pambali panga.

"Mwandipha, amayi," ndinatero. "Ine ndinataya zonse chifukwa cha inu."

"Ndikudziwa, mwanangu," anayankha. "Ndikanawerenga, iwe ukanatsala ndi ntchito, ine akanati ndalandira mphatso yanga. Ntchito udzaipeza ina, ndiwe mwana. Ine dzina ndili nalo limodzi, ndipo ndakalamba."

Pamenepo anapisa m'nsalu n'kutulutsa limodzi la mapepala a mayeso aja, limene mphepo inagwetsa kuchokera pa tebulo. Analiwongola pa ntchafu, n'kuika chala pa mzere woyamba. Anawerenga pang'onopang'ono, liwu ndi liwu, mpaka pansi, osalumpha ngakhale limodzi. Atamaliza analipinda n'kuliika m'dzanja langa.

"Amene unandiphunzitsa ndiwe," anatero. "Wofunika kumva ndiwe."

Ndinalira, koma sindinawakhululukire tsiku limenelo. Zinanditengera zaka. Njira ya makadi inapambana m'midzi ina ija, mabuku anasindikizidwa, ndipo anzanga anaphunzitsa nawo anthu ochuluka. Ine sanandiitanenso. Ndinakalambira pa ana aang'ono mpaka kupuma. Chilimwe chotsatira, ndili ku Chitala, wogulitsa nsomba wina anandiuza kuti atsikana a mudzi uja apita ku nsondo, ndipo amene anawatsogolera ndi Abiti Jafali.